Mafunso ndi mayankho: kodi n'koyenera kulipira makosi a pa intaneti ophunzitsa kupanga nyimbo pa kompyuta?

Tsamba lino ndi la amene mukufuna kuphunzira kupanga nyimbo pa kompyuta, kaya ndi house, amapiano, techno, trap kapena mabiti oti oimba aziikapo mawu, ndipo mwakhala mukuona zotsatsa za makosi pa Facebook, YouTube ndi Instagram. Mitengo yomwe tatchula ndi ya m'madola a ku America ndipo imasinthasintha, choncho muzikaona pa tsamba la wogulitsa musanapange bajeti.

Ndilipire kapena ndisalipire?

Muyambe mwadzifunsa kuti ndalamayo ikugula chiyani. Ngati ikugula mavidiyo okha, nthawi zambiri musalipire, kapena mulipire zochepa kwambiri. Nzeru za kapangidwe ka nyimbo zili mbwee pa intaneti, zaulere. Zimene sizipezeka mwaulere ndi ziwiri. Choyamba ndi ndondomeko, kuti mudziwe choyamba kuphunzira, chotsatira, ndi choti muchisiye kaye. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, ndi khutu la munthu wodziwa ntchito amene angatsegule nyimbo yanu, n'kukuuzani kuti pa mphindi yakuti besi yaphimba kick (ng'oma yaikulu ya mawu apansi), kapena kuti nyimbo yanu yangoima malo amodzi kwa masekondi 40. Kosi yokhala ndi zimenezi ikhoza kukuchotserani miyezi yambiri yoyendayenda mumdima. Kosi yopanda zimenezi ndi YouTube yolipira basi.

Kodi m'makosi olipira mulibe zinsinsi zimene akatswiri sanena pa YouTube?

Mulibe. EQ, chida chokwezera kapena kutsitsira mawu apansi, apakati ndi apamwamba, imagwira ntchito chimodzimodzi kaya mwaiphunzira kwaulere kaya mwalipira madola 1,000. Compressor, yomwe imachepetsa kusiyana kwa mawu amphamvu ndi ofooka, ili ndi mabatani a threshold, ratio, attack ndi release kulikonse. Otsatsa amakonda mawu akuti "chinsinsi" chifukwa amadziwa kuti munthu amene nyimbo zake sizikumveka ngati za pa wailesi amaganiza kuti pali batani lina limene anzake akumubisira. Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi woyamba kumene ndi makutu ozolowera komanso chiwerengero cha nyimbo zimene anamaliza, ndipo ziwirizi sizigulitsidwa.

Makosi alipo amitundu yanji, nanga amadula bwanji?

Pali mavidiyo ojambuliratu omwe mumagula kamodzi, monga a pa Udemy. Mtengo wolembedwa umatha kupitirira madola 80, koma Udemy imatsitsa mitengo pafupipafupi mpaka madola 10 kapena 20, moti kugula pa mtengo wathunthu n'kutaya ndalama. Aliyense akhoza kuika kosi pamenepo, ndiye zabwino ndi zachabechabe zili pamodzi.

Pali masamba olipira mwezi ndi mwezi, monga Sonic Academy, Producertech, Groove3 ndi Skillshare, kawirikawiri pakati pa madola 10 ndi 30 pamwezi. Amenewa amathandiza munthu amene akudziwa chimene akufuna, walowa mwezi umodzi, waphunzira, watuluka. Vuto lake ndi loti amadula okha ndalama pa khadi mwezi uliwonse mpaka mutaletsa nokha.

Pali makosi a MasterClass omwe amaphunzitsa ndi anthu otchuka ngati deadmau5, Armin van Buuren ndi Timbaland. Ndi okoma kuonera ndipo mumamva mmene anthuwa amaganizira, koma sakugwirani dzanja kuyambira pa pulojekiti yopanda kanthu mpaka nyimbo yotha. Woyamba kumene asayambire pamenepa.

Ndiye pali masukulu enieni okhala ndi mphunzitsi, homuweki ndi tsiku lopereka ntchito. Berklee Online ya ku Boston ili ndi makosi a masabata 12 ndipo kosi imodzi imapitirira madola 1,000. Point Blank Music School ya ku London nayo imaphunzitsa pa intaneti. Apa m'pamene pali khutu la mphunzitsi lija, n'chifukwa chake mtengo uli wotero. Berklee yomweyo ili ndi makosi ena pa Coursera, otsika mtengo kwambiri, ndipo Coursera ili ndi fomu yopemphera thandizo kwa amene sangakwanitse kulipira. Kumbukirani kuti kumeneko ntchito yanu amaichonga ndi ophunzira anzanu, osati mphunzitsi.

Mtundu wina womwe anthu saulabadira koma ndi waphindu ndi wa mapulogalamu ophunzitsa makutu. Syntorial imakuimbirani kamvekedwe kena ka synth (chida chopanga mawu a nyimbo pogwiritsa ntchito magetsi kapena kompyuta) n'kukuuzani kuti mukapange nokha, kenako imakuonetsani pomwe mwaphonya. SoundGym imachita zofanana ndi zimenezi pa EQ ndi compression. Onse awiri ali ndi gawo laulere loti muyesere.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndiyambe kugula chiyani?

Kosi ikhale yomalizira. Kugula kosi mulibe chomvetsera nyimbo bwinobwino n'kugula mbereko mwana asanabadwe.

Yambani ndi mahedifoni a waya opangidwira situdiyo. Audio-Technica ATH-M20x kapena M40x, Sony MDR-7506, AKG K240, ngakhale Samson SR850 yotsika mtengo ija, onsewa ndi okwanira. Mahedifoni a Bluetooth ayi: amachedwetsa mawu, moti mukadina kiyi mawu amabwera pambuyo, komanso ambiri amawonjezera besi mwadala, ndiye inu mumachepetsa besi m'nyimbo yanu poganiza kuti yachuluka.

Kenako kompyuta. RAM ya 8 GB ndi poyambira, 16 GB ndiye mumapuma bwino. Ngati laputopu yanu ili ndi hard disk yakale yozungulira, kuikamo SSD kudzasintha zambiri kuposa kosi iliyonse. Batire lamoyo ndi lofunika kwa aliyense wokhala kumene magetsi amazimazima.

Chachitatu ndi pulogalamu yopangira nyimbo, imene amaitcha DAW. FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium ndiyo yafala kwambiri pakati pa opanga mabiti kuno kwathu, ndipo ubwino wake ndi woti mukagula kamodzi, ma version onse obwera m'tsogolo mumalandira osalipiranso. Samalani posankha: Fruity Edition, yotsika mtengo kwambiri, siilola kujambula mawu ndi maikolofoni. Ngati mudzajambula oimba mukufunika Producer Edition, yomwe ili cha m'ma madola 200. Ableton Live Intro ili cha m'ma madola 100 ndipo imathera pa ma track 16. Reaper ndi madola 60 kwa munthu wamba, ndipo mumaiyesa yathunthu kwa masiku 60. Logic Pro ndi ya zipangizo za Apple zokha.

Audio interface, kabokosi kolumikizira maikolofoni kapena gitala ku kompyuta, monga Focusrite Scarlett Solo kapena Behringer UMC22, imafunika pamene mwayamba kujambula mawu kapena gitala. Ngati mukungopanga mabiti, ikhoza kudikira.

Ndikuyamba kumene. Ndingaphunzire kuti osalipira?

Ableton ili ndi masamba awiri aulere, Learning Music ndi Learning Synths, omwe amagwira ntchito mu browser ngakhale pa foni ndipo sadya bandulo ngati mavidiyo. Loyamba limaphunzitsa kapangidwe ka biti, ma note, ma chord ndi besi. Lachiwiri limaphunzitsa oscillator, filter, envelope ndi LFO, mukugwira nokha ndi kumva kusintha kwake. Simufunika kukhala ndi Ableton kuti muwagwiritse ntchito.

Pa YouTube sankhani mphunzitsi mmodzi n'kumutsatira mwandondomeko. Wa FL Studio akhoza kuyambira pa In The Mix, wa Reaper pa mavidiyo a Kenny Gioia. Buku la malangizo la DAW yanu musalinyoze: mu FL Studio mukadina F1 muli pa plugin iliyonse (kapulogalamu kogwira ntchito m'kati mwa DAW), limatseguka pa tsamba lofotokoza plugin yomweyo.

Ma plugin aulere alipo okwanira kumalizira nyimbo yogulitsa: Vital ndi Surge XT pa synth, TDR Nova pa EQ, Valhalla Supermassive pa reverb ndi delay, Voxengo SPAN poonera ma frequency, Youlean Loudness Meter poyezera kukwera kwa mawu. Ofuna kuyeserera kumikisa (kusakaniza mawu a zida zonse kuti amveke bwino pamodzi) akhoza kutenga ma multitrack aulere (nyimbo zimene chida chilichonse chili pa fayilo yakeyake) pa tsamba la Cambridge Music Technology, koma mafayilo ake ndi aakulu, muzitenga pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku.

Ndidziwa bwanji kuti nthawi yolipira yakwana?

Malizani kaye nyimbo zosachepera 10, zoyambira pachiyambi mpaka pamapeto, zotulutsidwa ngati WAV kapena MP3. Zikhale zoipa, palibe kanthu. Mukatero mudzatha kutchula vuto lanu ndi dzina. Munthu amene akunena kuti "ndikufuna kudziwa kupanga nyimbo" sanafike polipira, chifukwa kosi iliyonse idzamuoneka yoyenera. Amene akunena kuti "ma chord anga onse amamveka ofanana", kapena "ndimapanga ma bar 8 okoma koma ndimalephera kuwasandutsa nyimbo", kapena "nyimbo zanga zimamveka bwino m'mahedifoni koma pa sipika ya foni besi imasowa", ameneyo akudziwa kosi yoti afune, ndiponso adzadziwa ngati yamuthandiza.

Pali anthu ena amene kulipira msanga kumawathandiza: amene akhala miyezi itatu kapena inayi akudumphadumpha pa YouTube osamaliza kanthu. Kwa iwowa, kosi imodzi yotsika mtengo yomwe imapanga nyimbo yathunthu pang'onopang'ono mu DAW yawo ndi yabwino. Yotsika mtengo, osati ya madola mazanamazana.

Ndisanalipire ndifufuze chiyani?

Mverani nyimbo za mphunzitsiyo. Osati kapepala kotsatsa, nyimbo zenizeni pa Spotify, Audiomack, SoundCloud kapena YouTube. Ngati simukuzipeza, kapena mwazipeza koma si mtundu wa nyimbo umene mukufuna kupanga, tulukani. Kenako funani nyimbo za ophunzira ake, makamaka za asanalowe ndi atamaliza.

Funsani za ndemanga mosapita m'mbali. Ndani adzamvera nyimbo yanga, mphunzitsi mwiniyo kapena ophunzira anzanga? Kangati pamwezi? Adzalemba, adzajambula vidiyo, kapena adzatsegula pulojekiti yanga? Makosi ambiri amalonjeza gulu la pa Discord kapena Facebook, koma mukalowamo mumapeza anthu mazana akuponya nyimbo zawo popanda womvera za mnzake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Onani mndandanda wa ma plugin omwe mphunzitsi akugwiritsa ntchito. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mwalipira kosi ya madola 50, mwafika phunziro lachitatu, mphunzitsi watsegula Serum, kenako FabFilter Pro-Q, kenako Omnisphere, zomwe pamodzi zikupitirira madola 800. Kosi yabwino ya woyamba kumene imagwiritsa ntchito ma plugin obwera ndi DAW kapena aulere, ndipo imanena zimenezi poyera.

Onani chaka chomwe inajambulidwa ndi version ya DAW. Pulojekiti yosungidwa mu version yatsopano ya FL Studio kapena Ableton siitseguka bwino mu version yakale, nthawi zambiri imakaniratu. Onaninso ngati mavidiyo amatheka kuwasunga pa foni kapena pa kompyuta kuti muzionera popanda intaneti, ngati mwayi wolowa ndi wamuyaya kapena wa chaka chimodzi, ndi malamulo obweza ndalama. Udemy imapereka masiku 30, koma ikhoza kukana ngati mwaonera kale gawo lalikulu la kosi.

Zizindikiro zothawa nazo: wotchi yowerenga masekondi yonena kuti mtengo ukwera pakati pa usiku, lonjezo loti mudzasainidwa ndi kampani ya nyimbo, lonjezo loti mudzakhala katswiri m'masiku 30, ndiponso wogulitsa amene akufuna muyambe mwalankhula naye pa foni asanakuuzeni mtengo.

Kodi mtengo wolembedwawo ndi wokhawo umene ndidzalipire?

Ayi, makamaka kwa amene muli ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique. Vidiyo yophunzitsa DAW siyoonera pa 360p, chifukwa timanambala ta pa plugin sitioneka. Mukufunika 720p kapena kuposa, ndipo ola limodzi la 720p limadya pafupifupi 1 GB. Kosi ya maola 25 ndi 25 GB musanabwereze phunziro lililonse, musanatenge ma sample (timawu tojambuliratu toika m'nyimbo) ndi mapulojekiti ake. Nthawi zina bandulo imadula kuposa kosi.

Kulipira kwake kumafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula kunja. Ndalama zakunja zikavuta, mabanki amaika malire pa zomwe khadi ingagule pamwezi, ndiye funsani ku banki kwanu musanayambe kosi yolipira pang'onopang'ono, kuopa kutsekeredwa panja muli pakati. Kumbukiraninso kuti mtengo uli m'madola. Kwacha ya Malawi itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ankalipira mwezi ndi mwezi anadzuka ngongole yake itakwera osasintha kanthu pa zimene akuphunzira. Pa chifukwa chimenechi kugula kamodzi n'kotetezeka kuposa kulipira mwezi ndi mwezi.

Ngati kosi ili ndi makalasi a pompopompo, werengani nthawi. Kalasi ya 8 koloko madzulo ku New York imakhala 2 kapena 3 koloko usiku ku Lilongwe ndi ku Lusaka, malinga ndi nyengo ya chaka. London ili m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri okha, pomwe Johannesburg ndi nthawi imodzi ndi ife.

Kosi imene ndaikonda ndi ya Ableton koma ine ndili pa FL Studio. Zitheka?

Ngati mwatha chaka pa DAW yanu, zitheka, chifukwa mudzadziwa kuti chimene mphunzitsi akuchita ndi Simpler inu muchita ndi Sampler kapena Slicex, ndipo EQ Eight ndi Fruity Parametric EQ 2. Ngati mukuyamba kumene, musayerekeze. Theka la nthawi yanu lidzathera kufunafuna mabatani. Ngakhale mayina a ma note amasiyana: C wa pakati pa kiyibodi, amene nambala yake ya MIDI ndi 60, Ableton imamutcha C3 pomwe FL Studio imamutcha C5. Mphunzitsi akati ikani besi pa F1, inu n'kuika pa F1 wa FL Studio, mudzakhala mwatsika ndi ma octave awiri ndipo simudzamva kalikonse. Osasinthanso DAW chifukwa cha kosi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ndikufuna amapiano, Afro house, ndiponso kuika manganje m'mabiti anga. Makosi akunjawa andithandiza?

Pang'ono chabe, ndipo pano tikufuna tikhalitsepo. Makosi ambiri otchuka anapangidwira house ya ku Ulaya, techno ndi EDM ya m'mafesitivo, zothamanga pa 124 mpaka 128 BPM (ma beat pa mphindi) kapena kuposa, kick ikugunda kanayi pa bar, kenako kukwera kwakukulu ndi drop. Amapiano, yomwe inabadwira m'matauni a ku Gauteng ku South Africa, imayenda cha m'ma 110 mpaka 115 BPM, imadalira shaker yosaleka, ma chord a minor 7 ndi minor 9, ndipo imatha kudikira mphindi ziwiri log drum, besi yomveka ngati ng'oma, isanalowe. Kamvekedwe ka log drum kaja kanachokera mu Fruity DX10, plugin yobwera ndi FL Studio, ndipo luso lake lili pa kautalika ka note iliyonse, velocity ndi kutsetsereka kuchoka pa note ina kupita pa ina. Zimenezi mudzaziphunzira bwino kwa opanga nyimbo a ku South Africa omwe amaonetsa mapulojekiti awo pa YouTube kusiyana ndi sukulu ya ku America.

Za ng'oma zathu ndiye nkhani ina. Magule ambiri a kuno amayenda patatupatatu, zimene oimba amalemba kuti 6/8 kapena 12/8, pomwe DAW ikatseguka imagawa beat iliyonse panayi. Mukaika ng'oma za mtundu umenewu pa timizere ta panayi, zimauma, munthu sangavine. Mu piano roll ya FL Studio sinthani snap kukhala 1/3 beat kapena 1/6 beat. Mu Ableton yatsani triplet grid. Ndipo ngakhale mutatero, woimba ng'oma weniweni sagunda ndendende pa mzere: kwina amafulumira pang'ono, kwina amachedwa, ndipo kukoma kuli pomwepo. Njira yabwino ndi kujambula woimba ng'oma, visekese kapena malimba, ngakhale ndi foni pamalo opanda phokoso, kulowetsa mu DAW, kupeza tempo yake, kenako kuika ma note anu motsatira mmene iye wagundira osati mmene kompyuta ikufunira. Mupemphe chilolezo chake ndipo mugwirizane za malipiro musanatulutse nyimbo. Palibe kosi yakunja imene idzakuphunzitseni zimenezi, koma ndi zomwe zingapangitse nyimbo yanu kusiyana ndi zikwizikwi za anzanu amene anaonera mavidiyo omwewo.

Chomwe makosi akunja amaphunzitsa bwino kwa aliyense ndi synthesis, EQ, compression, reverb ndi kasanjidwe ka mix. Zimenezo sizisankha mtundu wa nyimbo.

Nyimbo zanga sizimveka zoyera. Ndigule kosi ya mixing ndi mastering?

Musanagule, yesani izi, chifukwa mavuto ambiri a oyamba kumene ndi omweomwewa.

Tsitsani ma track onse kuti master (track yomwe mawu onse amathera) isafike pa 0 dB. Siyani mpata wa pafupifupi 6 dB. Mzere wofiira umene umaoneka master ikapitirira 0 dB ukutanthauza kuti mawu akuphwanyika. Ikani high-pass filter (yodula mawu apansi) pa zida zomwe si kick kapena besi, kuyambira cha m'ma 80 mpaka 150 Hz malinga ndi chidacho, chifukwa piano, ma pad ndi mawu a woimba zimanyamula phokoso la pansi lomwe simulimva palokha koma likaunjikana limadetsa nyimbo. Nyimbo ikamamveka ngati ili m'chidebe, vuto limakhala pakati pa 200 ndi 400 Hz. Ikamabaya m'makutu, onani pakati pa 2 ndi 5 kHz. Kick ndi besi zikamalimbana, gwiritsani ntchito sidechain kuti besi izitsika pang'ono kick ikagunda, kapena sinthani ma note kuti zisamagunde pamodzi. Zonse za pansi pa 120 Hz zikhale mono.

Besi yosowa pa foni ili ndi chifukwa chake. Note ya A ya pansi ili pa 55 Hz, ndipo kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika chotero. Mukaika saturation pang'ono, pamabadwa ma harmonic pa 110, 165 ndi 220 Hz ndi kupitirira, ndipo khutu likamva apamwambawo limadzaza lokha note ya pansiyo. Popeza omvera ambiri ali pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, mu minibasi kapena pa zokuzira mawu za pa ukwati, yesani nyimbo yanu pa zonsezi musanaitulutse.

Delay muziwerengera: gawani 60,000 ndi BPM kuti mupeze ma millisecond a beat imodzi. Pa 120 BPM ndi 500, pa 112 BPM ndi pafupifupi 536. Pa mastering (kukonza komaliza nyimbo isanatuluke), Spotify imasalaza nyimbo zonse kufika pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu) ndipo imalangiza kuti true peak isapitirire -1 dB. Nyimbo za m'makalabu zimakwezedwa kuposa pamenepo, koma kufinya limiter mpaka kick itafa sikupindula kanthu.

Mukachita zonsezi koma simukumvabe kusiyana kwa mix yanu ndi ya akatswiri, ndalama yanu ipite kwa munthu womikisa amene angakhale nanu ola limodzi kapena awiri pa pulojekiti yanu yomwe, kaya maso ndi maso kaya pa Zoom. Ola limenelo limaposa maola 20 a mavidiyo a nyimbo za eni ake. Ndipo dziwani kuti nthawi zambiri chimene munthu amachitcha vuto la mix ndi vuto la kusankha zida: ma synth atatu akuimba pa octave imodzi, palibe EQ ingawalekanitse.

Ndagula kale kosi. Ndichite bwanji kuti ndalama yanga isapite pachabe?

Pa ola lililonse loonera, ikani maola atatu ogwira ntchito mu DAW. Onerani phunziro limodzi, imitsani, chitani zomwe mwaona, kenako tsekani vidiyo n'kuchitanso pa nyimbo yanuyanu, mu key ina ndi tempo ina. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amalumpha, ndiye amamaliza kosi ali ndi nyimbo ya mphunzitsi yokoma koma manja awo osadziwa kanthu.

Phunzirani kusanja nyimbo pogwiritsa ntchito nyimbo ina yomwe mumaikonda. Ilowetseni mu DAW, fananitsani tempo, itsitseni ndi pafupifupi 6 dB kuti kukwera kwake kusakunamizeni, kenako ikani chizindikiro paliponse pomwe chinthu chalowa kapena chatuluka. Mudzaona kuti kusintha kumabwera pa ma bar 8, 16 kapena 32. Pa 112 BPM ma bar 16 ndi masekondi 34, ndiye nyimbo ya mphindi 6 ili ndi ma bar 168. Tengani mafupa amenewo, muvekepo nyama yanu.

Ikani tsiku lomalizira nyimbo iliyonse, masabata awiri akwana. Yatsani autosave ndipo muzisunga pulojekiti ndi ma sample ake pamodzi, mu FL Studio ngati fayilo ya zip, mu Ableton ndi Collect All and Save, kenako koperani pa flash kapena pa hard disk ina. Kompyuta ikamadodoma, kwezani buffer kufika pa 512 kapena 1024. Pojambula mawu itsitseni pa 128 kapena 256, chifukwa pa 44.1 kHz buffer ya 1024 imachedwetsa mawu ndi ma millisecond 23 ndipo woimba amasokonezeka, pomwe ya 256 ndi osakwana 6.

Makutu muwasamale. Mawu a 85 dB ndi otetezeka kwa maola 8, ndipo mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. Pumani mphindi 10 ola lililonse. Khutu lotopa limapempha ma treble ochuluka, m'mawa mwake mumapeza mix yobaya.

Nanga ndikagwiritsa ntchito mapulogalamu a crack (othyoledwa kuti agwire ntchito osagula) potsatira kosi?

Tikudziwa kuti ambiri anayambira pamenepo chifukwa cha mitengo. Koma kuphatikiza pa kuphwanya lamulo, ma crack amabwera ndi mavairasi omwe amaba ma password ndi kudya mphamvu ya kompyuta, amakonda kugwa pakati pa ntchito, ndipo amakhala a version yakale moti mapulojekiti a mu kosi sakutsegukirani. Ngati ndalama ilipo ya chinthu chimodzi chokha, gulani DAW, kosi isiyeni. Ngati palibiretu, Waveform Free, LMMS ndi BandLab ndi zaulere mwalamulo. FL Studio yoyesera imalola kupanga ndi kutulutsa nyimbo, kungoti pulojekiti yosungidwa siitsegukanso mpaka mutagula.

Setifiketi ya kosi ingandipezetse ntchito?

Woimba wofuna biti safunsa setifiketi, amati tamveretu. Pepala limagwira ntchito pofunsira uphunzitsi, ntchito ya ku wailesi kapena ku bungwe, ndipo pamenepo lofunika ndi la sukulu yovomerezeka, osati lomwe tsamba limatulutsa lokha mukamaliza kuonera mavidiyo.

Bwanji ndingopita ku situdiyo yapafupi kukaphunzira kwa wojambula nyimbo?

Ngati mwapeza waluso wolola, pitani. Kumeneko mudzaona zomwe kosi siionetsa: kuika maikolofoni, kulimbitsa mtima woimba amene mawu akumuthawa, kukambirana mtengo, kumaliza ntchito kasitomala ali pakhomo. Mudzamvanso nyimbo pa masipika a situdiyo. Kuipa kwake n'koti mumatengera ndi zizolowezi zake zolakwika, ndipo ena amakusandutsani wotumidwa osakulolani kugwira mouse. Gwirizanani poyamba kuti mudzakhala pa kompyuta maola angati pa sabata. Ku Lilongwe kulinso Music Crossroads Academy, komwe amaphunzitsa kuimba zida ndi kuwerenga nyimbo, ndipo wopanga mabiti amene waphunzira kiyibodi ngakhale kwa miyezi 6 amasiya kusaka ma chord mongoyerekeza.

Ndili ndi foni yokha. Ndilipire kosi?

Ayi, dikirani. Phunzirani pa BandLab kapena FL Studio Mobile, kapena GarageBand ngati muli ndi iPhone, ndipo ndalama ya kosiyo muisunge ya laputopu. Makosi pafupifupi onse amaphunzitsa pa kompyuta.

Ma sample ndi mapulojekiti obwera ndi kosi ndingawaike m'nyimbo yanga yogulitsa?

Werengani chilolezo chake. Ma sample olembedwa kuti royalty-free mukhoza kuwagwiritsa ntchito m'nyimbo, koma simungawagulitse paokha kapena kuwagawa ngati paketi yanu. Pulojekiti ya mphunzitsi nthawi zambiri ndi yophunzirira basi, ndipo kusintha ma note awiri n'kuitulutsa m'dzina lanu kungachititse kuti nyimbo ichotsedwe pa Spotify kapena Boomplay. Ma loop a melody ali ndi vuto linanso: ophunzira anzanu mazana ali ndi loop yomweyo, ndipo mmodzi akayamba kulembetsa nyimbo yake ku Content ID ya YouTube, yomwe imagwira nyimbo zofanana ndi zimene eni ake analembetsa, yanu idzagwidwa ngakhale simunabe. Ma loop otere muziwadula, kuwasintha key, kapena kuimbanso melody yanu ndi synth.

Nyimbo ikatha ndipo mwapanga ndi woimba, lembani pa pepala kuti aliyense ali ndi gawo lanji, nonse musaine isanatuluke. Kenako ilembetseni ku bungwe loona za umwini wa nyimbo: COSOMA ku Malawi, ZAMCOPS ku Zambia, SAMRO ku South Africa. Sungani pulojekiti yoyambirira, ma stem (mafayilo a chida chilichonse pachokha) a WAV a 24-bit, ndi malisiti a ma sample ndi ma plugin omwe munagula, chifukwa mkangano wa umwini ukabuka, zimenezo ndizo adzakufunseni.